Si maonekedwe okha ayi

A mtolankhani, mwalemba kuti mabungwe a eni nyumba, ma HOA, amakaniza zigoli za basketball poti zimanyansitsa malo. Kuno ku Indiana, ku America, vuto lalikulu ndi msewu ndi phokoso. Kwathu chigoli chokumbira pansi amalola ukapempha kukomiti, bola chikhale pakhomo pako. Chigoli chamateyala ndiye sichigona panja, ndipo apa ndimawamvetsa: chinthu chopitirira mamita 3, chongotsamira madzi kapena mchenga kunsi, mphepo ikakula chimagwera galimoto ya mnzako.

Chondinyansa ine ndi lamulo lathu loti mpira uthe dzuwa likalowa. Mu Disembala kumada cha m'ma 5 koloko, ana atangofika kumene kuchokera kusukulu. Inu anzanga a ku Texas, kwanuko aliponso malamulo otere?