Ku Bangkok chimene chimatha ndalama ndi ubwana

Chiikireni zithunzi za ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand, zija foni yanga sikupuma, ndipo funso ndi limodzi lomweli: "Achimwene, mwatola kuti ndalama?" Ndiyankhe pano kamodzi, amene akwiye akwiye.

Chodula pa ulendowu ndi tikiti ya ndege, imeneyo sindingakunamizeni. Ndinaisonkhera miyezi yambiri ndipo ndinadzera ku Addis Ababa, msana n'kuchita kuuma pampando. Koma ukangotera, Bangkok ndi mzinda umene umalola munthu kusauka mwaulemu. Anthu amene amabwerako akulira kuti "kumeneko n'kodula" ambiri amakhala kuti anapita ndi ubwana. Amafuna galimoto iwatenge pakhomo, adyere patebulo la nsalu yoyera, ndipo kufunsa mtengo amakuona ngati kudzitsitsa.

Mayeso oyamba ali pabwalo la ndege la Suvarnabhumi pomwepo. Ukakwera takisi, mita imayambira pa 35 baht (baht ndi ndalama ya kumeneko), awonjezerepo 50 baht ya pabwalo, ndiye msewu wam'mwamba uja umalipiranso wekha. Koma ukatsika masitepe mpaka pansi penipeni pa nyumbayo pali sitima ya Airport Rail Link, imene inandifikitsa m'tauni pa siteshoni ya Phaya Thai ndi 45 baht basi, mu theka la ola. Ndinakhala moyandikana ndi atsikana ogwira ntchito pabwalo pomwepo akuweruka, chikwama changa chili pakati pa miyendo, ndipo palibe anandiyang'ana kawiri.

Za chakudya ndiye mundilole ndikhalitsepo. Pafupi ndi pomwe ndinkagona panali mayi wina wa ngolo yophikirapo, chiwaya chimodzi chakuda bii, moto wa gasi wolilima. Ukaloza chimene ukufuna, amaponya adyo ndi tsabola m'mafuta, utsi wake n'kutsokomoletsa mzere wonse, kenaka nyama yogaya, masamba onunkhira, n'kukhuthulira pa mpunga, dzira lokazinga pamwamba. Amati pad kra pao. Mphindi zitatu sizikwana, ndipo ndinkalipira 50 kapena 60 baht. Umadyera pa kampando ka pulasitiki, supuni kumanja foloko kumanzere, pambali pako pali bambo wa tayi wochokera ku ofesi akudya zomwezo. Tsiku lina ndinalowa mu lesitilanti yozizira bwino, mbale yomweyo anandilipiritsa kuwirikiza kangapo, kukoma kwake kosafika ndi theka lomwe. Ndinalipirira mphepo yozizirayo.

Chenjezo kwa inu odzitama ndi kambuzi: tsabola wa kumeneko alibe chibale. Phunzirani mawu akuti "mai phet", kutanthauza kuti asawawe. Ngakhale mutero adzawawabe, koma mudzapulumuka.

Chimene chinandikoma mtima kwambiri ndi mtsinje wa Chao Phraya. Pali maboti amene anthu amakwera ngati minibasi, ndipo la mbendera ya olenji silinkafika ndi 20 baht yomwe, kaya utsikira pafupi kaya kutali. Mnyamata wa kumbuyo amaimba likhweru kuuza woyendetsa kuti bwerera pang'ono, ima, tiye, kwinaku wotolera ndalama akudutsa pakati pa anthu akugwedeza kachitini kake ka makobidi. Padoko amayamba kukulozera boti la alendo la mbendera ya buluu, lokwera mtengo. Madzi ndi omwewo, akachisi ukuwaona ndi omwewo. Ine ndinkangoima pomwe aima ana asukulu.

Musaganize kuti sindinapusitsidwe. Tsiku lachiwiri, ndikuyandikira ku nyumba zachifumu za Grand Palace, bambo wina wovala bwino, wachingerezi chosalala, anandiimitsa n'kundiuza kuti lero kwatsekedwa mpaka masana chifukwa cha mapemphero. Anandipezera tuk-tuk, takisi ya matayala atatu, yoti indizungulitse akachisi ena pamtengo wonga waulere. Mtima wokonda zotchipa uja unandigwetsa. Ndinakathera m'sitolo ya telala akundiyeza mapewa suti imene sindinaipemphe, kuchoka apo kwa ogulitsa miyala yonyezimira. Sindinagule kanthu, koma theka la tsiku linapita, ndipo nditabwerera ndinapeza kuti chipata chinali chotsegula chiyambire m'mawa. Safunsa anadya phula, koma ine ndinadya phula chifukwa chomvera munthu amene sindinamufunse n'komwe.

Pakhomo la Grand Palace mlendo amalipira 500 baht pomwe eni dziko amalowa ulere. Ndinamva azungu ena akung'ung'udza, koma ine sindinaone cholakwa, si kwathu kuno ku Liwonde mlendo amalipiranso zambiri kuposa ife? Funso ndi lakuti thumba lako likulola zingati. Nyumba zachifumuzo, zimene anayamba kumanga mu 1782 pomwe mfumu Rama I inakhazikitsa likulu pamenepo, n'zokongoladi, koma khamu lake ndi dzuwa lake umatulukamo uli wofooka. Kukanakhala kusankha malo amodzi, ine ndikanasankha kachisi wa Wat Pho, pafupi pomwepo, pamtengo wocheperapo. Muli chifanizo cha Buddha chogona chammbali, chotalika mamita 46, chokutidwa ndi golide, moti sungachione chonse nthawi imodzi, umachita kuchiyendera kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Valani zophimba mapewa ndi mawondo, ndipo nsapato zikhale zosavuta kuvula.

Kwina kumene ndalama zimathera mwakachetechete ndi pa ATM. Ukatapa ndi khadi lakunja makinawo amadula ndalama zopitirira 200 baht nthawi iliyonse, zomwe ndi mbale zinayi za mayi uja. Tapani kamodzi, kapena tengani madola mukasinthe m'tauni.

Amayi a geni, ndikudziwa mukudikira za msika wa Pratunam. Inde, zovala zilipo zodzaza mpaka kudenga ndipo mtengo umatsika ukagula zingapo, koma amene mwapita kukaona mzinda osati kukaoda, musalowemo ndi chikwama chonse cha ndalama. Chimodzimodzi ku msika wa Chatuchak Loweruka ndi Lamlungu. Tinthu ta 100 baht n'tomwe tinanditsala pang'ono kundigonetsa ndi njala.

Tsiku lomaliza ndinatsala ndi ya sitima yobwerera ku bwalo la ndege ndi timakobidi tochepa. Ndinapita ku paki ya Lumphini, komwe salipiritsa, n'kukhala pa udzu kuonerera ng'azi zikuluzikulu zikutuluka m'dziwe n'kumadutsa pakati pa anthu othamanga, iwo osatekeseka. Itakwana 6 koloko madzulo zokuzira mawu zinayamba kuimba nyimbo ya fuko lawo, ndipo paki yonse inaima chilili, othamanga, okalamba, ana omwe. Nanenso ndinadzuka msangamsanga, botolo la madzi lili m'manja.