Kompyuta yobereka kumsana ya VR: musanafunse za GPU, funsani za mabatire

Maganizo anga pa makompyuta obereka kumsana osewerera VR (masewera amene umavala chipangizo kumaso n'kumaona ngati uli m'kati mwake) ndi awa: chinali chida chanzeru pa nthawi yake, koma lero munthu wosewerera m'nyumba mwake alibe chifukwa chokwanira choigulira. Ngati mtima wakana, mwaona yakale ikugulitsidwa ndipo mukuifuna basi, dziwani kuti chimene mukugula kwenikweni ndi mabatire. Zina zonsezo n'zongoperekeza.

Chinayambitsa zonsezi ndi chingwe. HTC Vive, headset (chipangizo chovala kumaso chija) ya VR, itatuluka mu 2016, munthu ankatha kuyendayenda m'chipinda ali m'kati mwa masewera, koma kunkhongo kunkalendewera chingwe cha mamita 5 chopita ku kompyuta. M'chingwemo munkadutsa zinthu zitatu: HDMI ya zithunzi, USB, ndi magetsi a 12V. Ukatembenukira mbali imodzi katatu, chapotana. Ukabwerera m'mbuyo, wachiponda, mutu n'kukokeka chagada. Kuchichotsa kunali kovuta chifukwa cha katundu amene chimanyamula. Sikirini ya Vive ili ndi mapikiselo 2160 x 1200, ndipo chithunzi chimasintha ka 90 pa sekondi. Chulukitsani ndi mabiti 24 pa pikiselo iliyonse, mupeza pafupifupi 5.6 Gbps, kutanthauza mabiti mabiliyoni 5.6 pa sekondi. Wi-Fi ya m'nyumba ya masiku amenewo sikanatha kusenza zimenezi. Ndiye opanga makompyuta anaganiza kuti poti chingwe sichingachoke, kompyutayo ndiyo isendere, ikhale pamsana pa wosewerayo, chingwe chikhale chachifupi chongochoka pamapewa kufika pamutu.

MSI inatulutsa VR One mu 2016, yolemera makilogalamu 3.6, yokhala ndi GPU (chipangizo chojambula zithunzi m'kompyuta) ya GTX 1070. Zotac inabwera ndi VR GO, ya GTX 1070 yomweyo koma yolemera pafupifupi makilogalamu 5. Schenker ya ku Germany inali ndi XMG Walker. HP inatsatira mu 2017 ndi Omen X ya GTX 1080 komanso Z VR ya Quadro P5200, kenako mu 2019 inatulutsa ina ya RTX 2080. Za HP zinali ndi kaluso kena: kompyutayo umaichotsa pachoberekera n'kuikhazika pa dock (chokhazikapo chake cholumikiza magetsi ndi sikirini) patebulo, n'kumagwira ntchito ngati kompyuta wamba.

Tsopano masamu a batire, poti nkhani yagona pamenepa. GPU ya msinkhu wa GTX 1070 imadya mawati opitirira 100 ikamagwira ntchito mwamphamvu. Purosesa ya i7 ya m'malaputopu imawonjezera cha m'ma 45. Onjezani headset, mafani, memori ndi SSD, mwafika pakati pa mawati 150 ndi 200. Mabatire awiri a VR One ndi a cha m'ma 90 Wh lililonse, onse pamodzi 180 Wh, kutanthauza kuti angapereke mawati 180 kwa ola limodzi. Gawani 180 ndi 150, mwapeza ola limodzi ndi mphindi 12. MSI inkalengeza ola ndi theka, zimene zimatheka pa masewera opepuka batire lili latsopano. Palibe matsenga apa: GPU ikakula mphamvu, nthawi yosewera imafupika, ndipo ukafuna nthawi yaitali ndiye kuti uwonjezere makilogalamu pamsana.

N'chifukwa chake mabatire ake amakhala awiri, osinthika kompyuta ili chiyakire. Lamulo lake ndi limodzi: chotsani limodzi, lowetsani lodzadza mpaka limveke kuti lagwira, kenako chotsani linalo. Mukazula onse awiri nthawi imodzi pa makina opanda batire lamkati, kompyuta imazima pomwepo, masewera n'kutayika. HP inaikamo batire laling'ono lamkati loti lizigwirizira pa nthawi yosinthayo, koma ndi longodikirira, si losewerera. Komanso musadikire kuti afike pa ziro. Limodzi likamatuluka, linzakelo limasenza lokha katundu yense, ndiye ngati latsala ndi 5 peresenti likhoza kugonja m'masekondi omwewo. Sinthani akadali cha m'ma 20. Ndipo poti wovala headset saona kumbuyo kwake, ntchito yosinthayi imafuna munthu wina, apo ayi muvule zonse.

Chinanso chimene otsatsa sankachitchula kwambiri n'chakuti batire limachedwa kudzadza kuposa mmene limathera. Amene akufuna kusewera tsiku lonse osapumira, mapeya awiri samukwanira. Amafunika atatu: ina pamsana, ina pachaja, ina yodzadza ikudikira.

Makina ambiri amene akugulitsidwa panopa mabatire ake ali ndi zaka zisanu kapena kuposerapo. Batire la lithium limakalamba ngakhale litangokhala m'kabati, makamaka ngati linasungidwa lodzadza 100 peresenti pamalo otentha, kapena linasiyidwa lopanda kanthu kwa miyezi. Choipa kwambiri n'chakuti kampani iliyonse inapanga mabatire a mtundu wakewake. La MSI silingalowe mu Zotac, la Zotac silingalowe mu HP, ndipo atsopano a mitundu yakaleyi ndi osowa. Kompyuta ikhoza kukhala yonyezimira, GPU yabwinobwino, koma mabatire akangofa yasanduka kompyuta ya patebulo yooneka modabwitsa.

Kutentha nakonso musakuderere. Mawati 150 aja onse amathera kukhala kutentha, masentimita ochepa kuchokera pamsana panu. Makina opangidwa bwino amasiya mpata pakati pa bokosi ndi msana, ndipo amautsira mpweya wotentha m'mbali kapena m'mwamba. Komabe thukuta silitha, poti malamba ndi kansalu kofewa kokhudza msana kaja zimatseka mpweya. Vuto lalikulu lili m'kati mwa bokosimo. Pa 90 Hz, ndiye kuti zithunzi 90 pa sekondi zija, kompyuta ili ndi mamilisekondi 11 okha kuti ijambule chithunzi chilichonse. GPU ikatentha mopyola malire imadzichepetsera liwiro yokha, zithunzi zina n'kumachedwa. Pa sikirini ya patebulo ungangoti masewera akukokera pang'ono. M'kati mwa headset n'zina: mutu watembenuka, maso akuona dziko likutsalira m'mbuyo, kenako chizungulire ndi nseru. Munthu akamadandaula kuti masewera amayamba bwino koma pakatha mphindi 20 amayamba kudukiza, musathamangire kusintha madalaivala. Yambani mwatsegula, muuzire fumbi m'mafani ndi m'timipata totulukira mpweya, ndipo ngati makinawo ndi akale musinthe thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa GPU ndi purosesa, poti imauma.

Ena amati bwanji osangoika laputopu ya masewera m'chikwama wamba. Musatero. Laputopu ikachoka pa soketi imachepetsa mphamvu ya GPU kwambiri, chifukwa batire lake silinapangidwe kuti lizitulutsa mawati onse amene chaja chimapereka. Za Nvidia zili ndi Battery Boost, imene nthawi zambiri imaika malire pa zithunzi 30 pa sekondi. Mukhoza kuizimitsa, koma malire a batirewo sachoka. Batire la laputopu silipitirira 100 Wh, poti pamenepo ndi pamene malamulo a ndege amalekezera kulola popanda chilolezo chapadera. Chikwama chimatseka timipata ta mpweya. Mukatseka chivundikiro Windows imagona pokhapokha mutasintha setingi. Ndiye pali nkhani ya 12V: makompyuta obereka enieni ali ndi potulukira magetsi a headset, pamene laputopu ilibe, choncho mufunikanso batire lina lapadera. Pomaliza mwasenza katundu wolemera, wotentha, wa mphindi zochepa.

Si headset iliyonse imagwirizana ndi kompyuta yobereka, ndipo apa ambiri amapusitsika. Oculus Rift yoyamba ija imadziwa pamene mutu wanu uli kudzera m'makamera oikidwa m'chipinda, ndipo makamerawo amalumikizidwa ku kompyuta ndi USB. Kompyuta ikakhala pamsana, ndiye kuti zingwe za makamera zikukutsatirani. Mwachotsa chingwe chimodzi, mwapeza ziwiri kapena zitatu. Vive ndi Valve Index zilibe vuto limeneli chifukwa timabokosi tawo ta pakhoma timangofuna magetsi basi, n'kumawalitsa kuwala kumene headset imawerenga yokha. Timabokosi ta mtundu woyamba timafika mamita 5 kuchokera pangodya ina kufika pangodya yoyang'anana nayo. Ta mtundu wachiwiri, tikakhala tinayi, timafika mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Onani kuti malire a malo osewerera amaikidwa ndi timabokosito, osati chingwe. Ngati chipinda chanu ndi cha mamita 2 kwa 2, kompyuta yobereka sikuwonjezerani ngakhale phazi limodzi. Ma headset a Windows Mixed Reality (pulogalamu ya VR ya Microsoft), monga HP Reverb, anali oyenerera kwambiri poti makamera ali pa headset pomwepo. Koma Microsoft inachotsa Windows Mixed Reality mu Windows 11 24H2, ndiye wogula HP yakale pamodzi ndi Reverb ayambe wadziwa kuti akulowa m'ntchito yosakasaka njira zina.

Kanthu kena kooneka kakang'ono koma kosowetsa mtendere: kompyutayi ilibe sikirini. Windows ikafunsa pasiwedi, kapena SteamVR, pulogalamu yoyendetsa headset, ikakana kuyamba, mu headset mumangokhala mdima, inu mutamanga kale malamba onse. Konzekeranitu ili patebulo. Ikani Windows kuti izilowa yokha, SteamVR iziyamba yokha, kompyuta isamagone, ndipo ma update muziwachita nokha pa nthawi yanu. Makina ena amavuta akaona kuti palibe sikirini, ndiye kapulagi kakang'ono ka HDMI konamizira sikirini kamathetsa zimenezo. Ikaninso pulogalamu ngati VNC kuti muzitha kuona sikirini yake pa foni kapena pa kompyuta ina. Chingwe cha headset chikhale chachifupi. Ngati muli ndi cha mamita 5 chokha, chikulungeni mozungulira motakasuka n'kuchimangirira kutali ndi potulukira mpweya, musiye kotsala kokwanira kutembenuza mutu mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Mukachipinda mothina mawaya a m'kati amaduka, ndipo chizindikiro chake ndi timadontho tothwanima kapena sikirini kuzima mukatembenuka.

Povala, yambani ndi lamba wa m'chiuno, amange pamwamba pa mafupa a chiuno kuti kulemera kukhale pamenepo. Kenako a m'mapewa, pomaliza wa pachifuwa. Mukayamba ndi mapewa, makilogalamu onse amalendewera pakhosi, ndipo bokosi limagwedezeka mukazinda chipolopolo cha m'masewera. Masewera ofuna kugona chagada kapena kugubuduka, aiwaleni. Pojambula malire a chipinda siyani theka la mita kuchokera kukhoma, chifukwa tsopano thupi lanu latalikira kumbuyo ndipo inu simukuona. Chingwe chija, ngakhale chinkanyansa, chinkakukumbutsa kumene wayang'ana. Chikachoka, munthu amasochera m'chipinda chake chomwe.

Nanga chinagonjetsa makinawa n'chiyani? Mu 2017 kunabwera TPCast, adaputa yotumiza zithunzi ku headset popanda waya, mu 2018 HTC inatulutsa adaputa yake yopanda waya, zonse ziwiri zikugwiritsa ntchito mafunde a 60 GHz, amene amanyamula zambiri koma sadutsa khoma. Kenako Oculus Quest mu 2019, yokhala ndi purosesa m'kati mwake. Kunabweranso mapulogalamu otumiza zithunzi kuchokera pa kompyuta kupita ku Quest: Air Link inafika mu 2021, Steam Link pa Quest mu 2023, ndipo Virtual Desktop inalipo kale. Tsopano kompyuta imakhala patebulo, pa soketi, ikupuma mpweya wokwanira, n'kumatumiza zithunzi pa Wi-Fi. Kunena chilungamo, njira imeneyi ili ndi zotaya zake. Zithunzi zimapanikizidwa kuchoka pa ma Gbps aja kufika cha m'ma 200 Mbps, ndipo malo amdima, utsi ndi udzu zimaoneka zosalala mwachilendo. Pamawonjezerekanso mamilisekondi makumi angapo a kuchedwa. Pa mfundo iyi kompyuta yobereka imapambanabe, chifukwa chithunzi chake chimafika chosapanikizidwa. Koma mukalumikiza kompyuta ku rauta ndi chingwe cha ethernet, rauta n'kukhala m'chipinda chomwecho, pa 5 GHz kapena 6 GHz, headset yokha n'kumaigwiritsa ntchito, anthu ambiri kusiyanako sakuona akangoyamba kusewera. Ndipo GPU ya patebulo mumaisintha ikatha mphamvu, pamene ya m'chikwama muli nayo mpaka kalekale.

Umboni umene ine ndimauona wamphamvu ndi wa Zero Latency, kampani ya ku Melbourne imene inatsegula malo ake oyamba mu 2015. Bizinesi yawo yonse inatsamira pa anthu angapo kuyenda m'holo yaikulu atabereka makompyuta. Mu 2022 iwo omwewo anasamukira ku Vive Focus 3 ndi Wi-Fi 6E, zikwama n'kuzitula pansi. Ngati amene ankadyera pa zikwamazo anazisiya, wosewerera pabalaza akuzifuniranji?

Sikuti zilibiretu ntchito. Kumene Wi-Fi ili yodzadza kapena yoletsedwa, kumene malo ndi aakulu kuposa pamene rauta imodzi ingafike, kapena kumene mainjiniya akufuna kuzungulira galimoto kapena nyumba yojambulidwa akuona timizere tonse mosapanikizidwa, kompyuta yobereka ikadali ndi malo. Zotac inaona zomwezi: VR GO 4.0 ya mu 2022 inabwera ndi RTX A4500, GPU ya akatswiri a ntchito, osati ya masewera.

Wofunabe yakale, musalipire musanaiyese, ndipo kuyesa kwake ndi uku. Tchajani mabatire onse adzadze, zulani pa soketi, yatsani masewera olemera, muwerenge mphindi mpaka izime. Ikalephera kufika mphindi 30, mabatirewo atopa. Yalani batire lililonse patebulo losalala: likamagwedera kapena likaoneka lotupa, musalitchajenso. Sinthani batire limodzi kompyuta ili chiyakire, kenako linalo, muone ngati siizima. Gwedezani pulagi ya HDMI ndi ya 12V headset ili yoyaka, poti malo amenewa ndi amene amakokedwa tsiku ndi tsiku. Funsani ngati chaja cha mabatire chilipo, chingwe chachifupi chilipo, ndi dock ngati ndi ya HP. Mukaitenga, mabatire amene simukuwagwiritsa ntchito muziwasunga ali pakati pa 40 ndi 60 peresenti, pamalo ozizira, n'kumawayang'ana miyezi itatu iliyonse.