Chilengedwe chikufutukuka, koma ulendo wa ku Mars sukutalika

Ena akamva zoti chilengedwe, kutanthauza thambo lonse ndi nyenyezi zake, chikufutukuka amafulumira kunena kuti ulendo wa ku Mars uzitalika chaka ndi chaka. Ayi ndithu. Chombo chimatenga miyezi pafupifupi 7 kuti chikafike, ndipo kufutukukako sikuwonjezerapo kanthu. Dzuwa linagwira mapulaneti ake ndi mphamvu yokoka, mlalang'amba wathu nawo unagwira nyenyezi zake, ndipo zogwirana chonchi sizitanuka. Mlalang'amba wa Andromeda, umene kuwala kwake kumayenda zaka 2.5 miliyoni kuti kutipeze, ukuchita kubwera kuno pa liwiro la makilomita pafupifupi 110 pa sekondi.

Vuto limayambira kutali. Zimene anapeza asayansi Georges Lemaître mu 1927 ndi Edwin Hubble mu 1929 n'zakuti mlalang'amba ukakhala patali, umathawanso kwambiri. Muyeso wake ndi megaparsec, mtunda umene kuwala kumayenda zaka 3.26 miliyoni. Pa megaparsec iliyonse onjezani makilomita pafupifupi 70 pa sekondi (akatswiri akukanganabe, ena akuti 67, ena 73). Gulu la milalang'amba la Coma lili pa ma megaparsec pafupifupi 100, ndiye likutithawa ndi makilomita 7,000 pa sekondi. Voyager 1, chombo chimene chinanyamuka mu 1977, chimayenda makilomita 17 okha pa sekondi. Kumeneko sichingakafike, ngakhale mutachipatsa zaka zochuluka bwanji.

Apa m'pamene masamu a kusukulu aja, ogawa mtunda ndi liwiro, amatisokeretsa. Amagwira ntchito msewu ukakhala chikhalire. Tengani mphira yomangira katundu panjinga, ikanipo nyerere, wina azikoka kunsonga. Mphirayo ndi thambo, nyerereyo ndi kuwala. Nyerere ikuyenda, koma mtunda wotsala ukukula. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mphira ya kumbuyo kwake ikutanukanso, ndipo ikuinyamula kupita nayo kutsogolo. N'chifukwa chake kuwala kumene kwayenda zaka 13.8 biliyoni kunachokera pamalo amene lero ali pa mtunda wa zaka za kuwala 46 biliyoni (chaka cha kuwala ndi mtunda umene kuwala kumayenda pa chaka chimodzi).

Pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 14 biliyoni, milalang'amba ikuthawa pa liwiro la kuwala kwenikweniko, makilomita 300,000 pa sekondi. Kuwala kochoka kuno lero kungapitirireko pang'ono, kufika cha pa 16 biliyoni. Kuseri kwa pamenepo, uthenga wotumizidwa lero sudzafika mpaka kalekale, poti mu 1998 zinadziwika kuti kufutukukaku kukuwonjezera liwiro.

Kwa ine, kudandaula za kufutukuka pokamba maulendo a anthu n'kutaya nthawi. Chikutilepheretsa ndi injini. Kupatula Dzuwa, nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri, Proxima Centauri, ili pa zaka za kuwala 4.2 zokha, komwe kufutukuka kulibe nako ntchito, koma pa liwiro la Voyager 1 ulendowo ungatenge zaka zoposa 70,000.