Inu oweta agalu, chotsani chimbudzi cha galu pabwalo

Ndikulankhula ndi inu, ana anga, amene munatenga kagalu kuti kazilondera pakhomo, koma chimbudzi chake mumangochilumpha m'mawa uliwonse. Mumati dzuwa liwumitsa. Inde liwumitsa, koma mazira a njoka zam'mimba amatsala m'dothi momwemo, pomwe mwana wanu akukwawa, zala zili kukamwa.

Njoka imeneyi madotolo a ziweto amaitcha Toxocara canis. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira okwana 200,000 pa tsiku. Mazirawo akangotuluka sadwalitsa munthu. Amayamba akhwima m'dothi kwa milungu 2 mpaka 4, ndipo akakhwima amapirira miyezi, mwinanso zaka. Ndiye kuti amene amawola chimbudzicho tsiku lomwelo wathana nalo vuto lisanayambe. Khasu muli nalo. Chikukuvutani n'chiyani?

Tiana tagalu tambiri timabadwa nazo kale njokazi, zochokera kwa make tikadali m'mimba. Kayang'aneni bwino kagalu kanuko: mimba ili nenene ngati ng'oma, nthiti zikuwerengeka, ubweya wanyankhalala, mwina kasanzapo njoka zoyera zazitali. Inu n'kumati kakhuta madeya! Kenako mumakapereka kwa ana kuti azikanyamula, kaziwanyambita kumaso.

Mwana akameza mazira okhwima, njokazo sizikula m'matumbo mwake monga zimachitira mwa galu. Timphutsi take timasochera m'thupi, tina kuchiwindi, tina kumapapo, tina mpaka m'diso. Imvani izi. Mu 1950, ku America, katswiri wina dzina lake Helenor Campbell Wilder anapima maso 46 amene madotolo anachotsa kwa odwala, makamaka ana, ambiri powaganizira khansa. M'maso 24 anapezamo timphutsi ta njoka, ndipo patapita zaka zochepa ofufuza anazindikira kuti tina mwa timphutsito tinali ta njoka ya galu yomweyi. Ana amenewo anataya diso chifukwa cha kanthu kotoledwa m'dothi. Zimandiwawa mtima kwambiri.

Ena mumanyadira kuti galu wanu anabayitsa katemera wa chiwewe. Munachita bwino, pitirizani chaka chilichonse. Koma katemera ameneyo sapha njoka ngakhale imodzi. Mankhwala a njoka ndi ena. Kagalu kamayamba kumwa kali ndi milungu 2, n'kumabwereza pakatha milungu 2 iliyonse kakadali kakang'ono, make nayenso amwe, ndipo galu wamkulu azimwa pa miyezi 3 iliyonse. Mlingo wake umatengera kulemera kwa galu, choncho musamangogula mapilitsi pamsika n'kumayerekeza nokha. Pitani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu akuuzeni.

Chimbudzicho chikwirireni m'dzenje lakuya kutali ndi dimba, pakuti ndiwo zamasamba nazonso zimatola mazirawa. Galu asamagone pamchenga posewerera ana, ndipo mwana akachoka kudothi asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima. Inu amayi, mwana amene ali ndi chizolowezi chodya dothi musamangomuseka. Akayamba kudandaula kuti diso limodzi silikuona bwino, kapena mwaona choyera pakati pa diso, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukawauze madotolo kuti pakhomo pali tiagalu.