Wachisamba wa ku Joni tisamusiye ndi mantha ake yekha

Maganizo anga lero akupita kwa amayi anzanga a kuno ku Joni, makamaka inu amene munachembeza kale, ana anakula. Pakati pathu pali atsikana ambiri amene ali ndi mimba yoyamba, ku Mayfair, ku Yeoville, ku Rosettenville, ku Diepsloot, ku Cosmo City, ndipo ambiri mwa iwo tulo sakutiona. Akakuzolowerani amayamba kufunsa. Kodi mwanayu ali bwino m'katimu? Bwanji lero sanasewere? Adzabadwa ndi ziwalo zonse? Ndinamwa mankhwala a mutu ndisanadziwe kuti ndaima, kodi sindinamupweteke? Kwa madamu ndimakhalira Jik tsiku lonse, fungo lija silimufika?

Ine mantha amenewa sindiwanyoza. Amaopa chifukwa wayamba kale kumukonda mwanayo. Chimene chimandiwawa n'chakuti amawasenza yekha. Kwathu mtsikana akaima koyamba, akuluakulu ankamuitanira chisamba, anzathu Achiyawo amati litiwo. Anamkungwi ankakhala naye pansi n'kumuuza za thupi lake, za tsiku lochira, za kasamalidwe ka khanda. Sizonse zimene ankanena zinali zoona, monga zija zoti ukadya mazira mwana abadwa wopanda tsitsi, kapena ukaima pakhomo mwana adzaimanso panjira. Koma mtsikanayo ankadziwa kuti pali anthu amene akumuyang'anira. Kuno ali m'kachipinda ka lendi, mwamuna wachoka m'bandakucha, mayi ake ali ku Mangochi kapena ku Mzimba, ndiye mlangizi wake wasanduka foni. Usiku wonse akuyang'ana pa TikTok ndi Facebook mavidiyo a ana obadwa ndi zilema, ndipo akaonera imodzi, foniyo imamubweretsera zina khumi.

Mantha a munthu amene ali yekha amamuchititsa kubisala. Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Wina amabisa mimba mpaka miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuopa anthu oipa mtima. Wina amaopa kuti abwana akadziwa amuchotsa ntchito. Ambiri amaopa kukiliniki kwenikweniko: masiku a pa pasipoti anatha, akandifunsa mapepala ndidzati chiyani, akanditchula ndalama ndizitenga kuti? Ndiye amakhala, akuyembekezera kuti mimba ikule kaye. Chonsecho zinthu zambiri zimene akuopera mwana wake zimapeweka miyezi yoyambirira yomweyo.

Za mapepalazi tiyeni tiziuzana zoona zake. Dziko lino la South Africa linalengeza mu 1994, nthawi ya Nelson Mandela, kuti amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa mwaulere m'zipatala za boma. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la kuno ku Johannesburg, pa mlandu umene bungwe la Section27 linakasuma, linagamula kuti ufulu umenewu ndi wa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa, ndi mwana aliyense wosakwana zaka 6, kaya ndi nzika, kaya ndi wobwera, kaya ali ndi mapepala kapena alibe. Sindikunena kuti pachipata pamakhala pophweka. Tonse tinaona mu 2025 anthu a Operation Dudula ataima pamakiliniki kubweza obwera, mpaka khoti linawaletsa mu Novembala chaka chomwecho. Ndipo mawu olasa ochokera kwa ena mwa ogwira ntchito tawamva ndi makutu athu. N'chifukwa chake ndikuti mtsikana wa mimba yoyamba asamapite yekha. Yekha akangomukalipira kamodzi amabwerera kunyumba akulira, osapitanso. Akakhala ndi mayi wamkulu pambali pake, wodziwa pang'ono Chizulu kapena Chingerezi, wodziwanso zimene lamulo likunena, amapirira pamzere mpaka aonane ndi namwino.

Nanga kusikeloko amakachita chiyani chimene chimayankha mantha aja? Amamuyeza magazi. Akapezeka ndi HIV amayamba ma ARV nthawi yomweyo, ndipo mayi amene akumwa mokhulupirika mpaka kachilombo kuchepetsetsa m'magazi, kawirikawiri amabereka mwana wopanda kachilombo. Ife Amalawi sitiyenera kuchita nazo manyazi zimenezi, popeza ndondomeko yoyambitsa ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo, yotchedwa Option B+, inayambira kwathu mu 2011, mayiko ena n'kutengera. Amayezanso chindoko, matenda amene mayi akhoza kukhala nawo osamva kalikonse, koma amapha mwana m'mimba. Mankhwala ake ndi jakisoni wa penisilini basi, bola bambo nawonso alandire. Amamupatsa mapilisi a folic acid othandiza kuti msana ndi ubongo wa mwana zipangike bwino, ndipo ziwalo zimenezi zimayamba kupangika mwezi woyamba weniweniwo, mayi asanayambe n'kuonekera komwe. Amamupatsa a ayironi owonjezera magazi, ndi a kashiamu ochepetsa ngozi ya kuthamanga kwa magazi. Atsikana ena amawataya, ati amakulitsa mwana n'kudzavuta pochira. Sizoona. Chimbudzi chimada, nthawi zina amachititsa nseru, koma mayi wochepa magazi ndi amene amakhala pangozi tsiku lochira. Masiku ano amalangiza kuti woyembekezera aonedwe ka 8, ndipo ulendo woyamba ukhale akangodziwa kuti waima.

Pali mantha ena amene ife akuluakulu tikhoza kuwachotsa ndi mawu chabe. Wachisamba nthawi zambiri amayamba kumva mwana kusewera pa masabata 18 mpaka 20, ena mochedwerapo pang'ono, ndiye wa miyezi itatu asalire kuti m'mimba muli zii. Kusanza m'mawa, kutopa, kukodza pafupipafupi, kutentha pamtima, zimachitika kwa ambiri. Ndipo amene anapita padera miyezi yoyambirira tisamamuimbe mlandu. Nthawi zambiri zimachitika chifukwa mimbayo sinapangike bwino kuyambira pachiyambi, osati chifukwa ananyamula ndowa kapena wina anamuyang'ana ndi diso loipa.

Koma pali zina zimene sitiyenera kutonthoza nazo munthu. Kutaya magazi, ngakhale ochepa. Mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja. Zimenezi zikhoza kukhala kuthamanga kwa magazi kumene kumabwera mimba ikapitirira masabata 20, ndipo kumakonda kugwira a mimba yoyamba, mwinanso mpaka kukomoka. Madzi kutuluka nthawi isanakwane. Kutentha thupi. Mwana amene ankasewera tsiku lililonse kuchepetsa kapena kusiya. Pamenepa sitinena kuti gona kaye tiona mawa, sitidikiranso kuti bambo aweruke. Tipemphere, inde, koma tili m'galimoto kupita kuchipatala.

Ndinenenso za katundu amene timatumizirana pa basi. M'zikwama za ufa, usipa ndi chigwada nthawi zina mumabisala kabotolo kapena kamtolo ka mizu, agogo atumiza kuti mwana wathu amwe, achire msanga, ena amati ndi za mwanamphepo. Anzathu a kuno ali ndi zawo, amazitcha isihlambezo. Agogo amatumiza mwachikondi, sindikukana. Koma mankhwala ofulumizitsa matenda amakakamiza chiberekero kufinya mwamphamvu njira isanatseguke, mwana n'kubanika, chiberekero n'kung'ambika, ndipo palibe amene amadziwa mlingo wake. Mtsikana wamantha amamwa chilichonse chimene wamkulu wamupatsa. Tisakhale ife omupatsa. Ngati wamwa kale, auze anamwino mosabisa, ngakhale amukalipire.

Ndiye pali Disembala. Ambiri amafuna kukaonekera kumudzi, ena kukachirira kwa mayi awo, ndipo ine ndimawamvetsa. Koma kumbukirani kuti ku Johannesburg kulibe malungo, ndiye munthu akakhala kuno zaka zingapo thupi limataya mphamvu ija yolimbana nawo. Njira ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza m'nyengo ya mvula ndi ya udzudzu, kumudzinso chimodzimodzi, ndipo malungo amavutitsa kwambiri wa mimba yoyamba: amachepetsa magazi, mwana n'kubadwa wochepa thupi kapena masiku asanakwane. Kwathu kusikelo amapereka Fansidar ndi neti, kuno sapereka chifukwa saona chifukwa chake. Amene akupita afunse kaye kukiliniki, anyamule khadi lake, akafika akapitirize sikelo, azigona m'neti. Akabwerako n'kutentha thupi, anene msanga kwa anamwino kuti anali ku Malawi, asamuyese wa chimfine.

Amayi anzanga, pakamwa pathu tisamalepo. Timakonda kwambiri, tikakhala pa chilanganimulo kapena potuluka m'tchalitchi ndi kumzikiti, kufotokoza za uje amene anavutika masiku atatu, za uje amene anang'ambidwa, za mwana wa uje wobadwa mwakutimwakuti, mtsikana wa mimba yoyamba ali pompo akumvetsera. Ife timaiwala tikafika kunyumba, iye amakagona nazo. Ngakhale opareshoni tisamaitchule ngati chilango kapena umboni wa ulesi, ana ambiri ali moyo lero chifukwa cha iyo. Inunso abambo, mkazi wanu akati ndikuopa, musamuyankhe kuti amayi anu anabereka ana asanu ndi atatu osadandaula. Pemphani tsiku limodzi kuntchito mukayezetse limodzi, ndipo sungani pambali ndalama ya galimoto ya usiku, chifukwa matenda sasankha nthawi ndipo ambulansi imatha kuchedwa.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Mayi aliyense wamkulu amene akudziwa wachisamba pa yadi yake, m'gulu la chipereganyu kapena mumpingo, amutenge ngati wake. Mufunseni ngati wayamba sikelo, ndipo ngati sanayambe, muuzeni tsiku loti mupitire limodzi. Muthandizeni kulembetsa pa MomConnect, mauthenga aulere a pafoni amene unduna wa zaumoyo wa kuno unayambitsa mu 2014. Sabwera m'Chichewa, ndiye muzimuwerengera n'kumumasulira. Khadi la sikelo aziyenda nalo paliponse. Adziwe kumene anamuuza kuti akachirire, kaya ndi ku Hillbrow, ku Rahima Moosa, ku Charlotte Maxeke kapena ku Baragwanath, ndi njira yofikira kumeneko usiku. M'foni mwake mukhale nambala zoitanira ambulansi, 112 ndi 10177, komanso nambala yanu, ndipo mumuuze kuti akhoza kuimba ngakhale pakati pa usiku.