Valani Kachingweko, Rimoti Si Mwala

Ana inu, ndi inunso makolo, tandimverani, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikunena za magemu aja osewera mutaimirira kutsogolo kwa TV, mukugwedeza rimoti ngati mukumenyadi mpira wa tenesi kapena kuponya nkhonya. Sindidana nawo ayi. Kusiyana n'kuti mwana aswere tsiku lonse atawerama pa foni, bola adumphedumphe atuluke thukuta. Inenso ndimasewerako bowling, ndipo adzukulu amandidziwa kuti sindine wamasewera. Chimene chandikwana ndi kusasamala kwanu.

Mwezi watha mwana wanga wamkulu, munthu wandevu zake, bambo wa ana atatu, anatola rimoti kachingwe kake komangira pamkono kakungolendewera. Ndinati, "Iwe, vala kachingweko." Iye kuseka: "Aaa ababa, zimenezo n'za ana." Sipanathe mphindi khumi, manja ali thukuta lokhalokha, anakoka mkono ndi mphamvu zake zonse, rimoti ija n'kupulumuka, pa TV phwaa! Chithunzi chinasanduka ukonde wa kangaude, theka lonse bii. Koma TV si imene inandisowetsa tulo usiku umenewo. Rimotiyo inadutsa chapafupi kwambiri ndi mutu wa kamdzukulu kanga ka zaka zitatu, kamene kanali khale pansi kakuombera bambo ake m'manja.

Mukuyesa kachingweko anakaikira kukongoletsa? Makina a magemu otchedwa Wii, a kampani ya Nintendo, atatuluka mu Novembala 2006, sipanathe mwezi anthu anayamba kudandaula kuti marimoti akuwapulumuka n'kuswa ma TV ndi mawindo. Mu Disembala chaka chomwecho kampaniyo inalengeza kuti isintha tizingwe tokwana 3.2 miliyoni, kuchotsa tochepa mamilimita 0.6 n'kupereka tonenepa milimita imodzi. Mu 2007 inayambanso kugawa zovekera rimoti zofewa ngati labala, kuti ikagunda munthu asavulale kwambiri. Eni ake anawononga ndalama zonsezo chifukwa anaona ngozi, inu n'kumati n'za ana! Ma Joy-Con, marimoti a makina ena a Nintendo otchedwa Switch, amene anabwera mu 2017, nawonso amabwera ndi tizingwe tawo, koma m'nyumba zambiri tikadali m'katoni momwe anagulira.

China chimene simuchidziwa, mphamvu zonse mukutayazo n'zachabe. M'kati mwa rimoti muli kachipangizo kochepa kuposa chikhadabo, kamene kamamva kufulumira ndi kupendekeka kwa dzanja, ndipo marimoti apambuyo pake ali ndi kena komva kuzungulira. Timeneti tili ndi malire ake. Ukapitirira pamenepo sitiwerenganso, ngakhale ukoke mkono mpaka phewa lilire. Kupotoza dzanja pang'ono n'kokwanira. N'chifukwa chake nkhalamba ngati ine ndimakugonjetsani nditakhala pampando.

Ena mudzati, "Athu ndi a kamera, sitigwira kanthu m'manja." Chabwino, nanga malo? Kinect, kamera ya magemu ya kampani ya Microsoft, itabwera mu 2010, malangizo ake ankati wosewera yekha aime pafupifupi mamita 1.8 kuchokera pa kamera, akakhala awiri atalikire mpaka mamita 2.4. Inu mumaunjikana anayi pabalaza pothina, katebulo kali pakati, matambula ali pomwepo, babu ili pamwamba pamutu, wina wavala masokosi pa matailosi oterera. Maso onse ali pa TV, palibe woyang'ana kumbuyo. Chigongono cha munthu wamkulu chimafika pomwe pali nkhope ya mwana woimirira pambali pake. Tsoka silinunkha. Sunthani tebulo, tambasulani manja muzungulire kaye muone ngati simukugunda kanthu, ndipo ang'onoang'ono akhale pa sofa kufikira nthawi yawo itakwana.

Tsono inu akuluakulu anzanga, amene chaka chonse simuthamanga ngakhale kukafika pageti. Mukangogwira rimoti mumafuna muonetse ana kuti kale munali akatswiri, maola atatu osapuma. Mu 2007 dokotala wina wa ku Spain analembera magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine za phewa lake lomwe, limene linamupweteka koopsa atasewera tenesi ya pa Wii kwa maola ambiri, mpaka vutolo analipatsa dzina loti Wiiitis. Pabwalo lenileni umatopa ndi kuthamanga, umapita kukatola mpira, mkono n'kupumako. Pa TV mpira umangobwera wokha, ndiye msempha womwewo umakokedwa kosalekeza iwe osazindikira. Gemu ikakulemberani kuti pumulani kaye, mumadina msangamsanga kuti uthengawo uchoke, m'mawa mwake n'kumalephera kuvala malaya.

Ndipo lekani kusiyira ana makinawa ngati mlezi inu muli kuchipinda. Mwana akaluza amapsa mtima, ndipo chimene chili m'manja mwake ndi chimene amaponyera mnzake.

Mwana wanga uja anagula TV ina, akubwezabe ngongole yake. Lamlungu lapitali ndinamupeza akumanga bwinobwino kachingwe pamkono wa mwana wake, akumulangiza ndithu ndi mawu aukulu, pomwe kake kali lende ngati kale. Sindinayankhule. Ndinangopita kukhoma n'kuzula pulagi.