Musavutike ndi emulator chifukwa cha app yowerengera bitrate, masamu ake ndi ochepa

Anzanga ojambula ndi kukonza mavidiyo, makamaka inu amene mumagwira zaukwati, zinkhoswe, maliro ndi ma music video a makwaya, ndafuna ndinene maganizo anga pa nkhani imene ikuzungulira masiku ano. Munthu ali ndi ka app pafoni kowerengera bitrate ya vidiyo, akakonda, ndiye akufuna kakhale pa laputopu pomwe amaeditira, basi akuuzidwa kuti tsitsa emulator, pulogalamu yoyendetsa ma app a Android pa kompyuta, monga BlueStacks kapena LDPlayer kapena NoxPlayer, ulowetse akaunti ya Google uyike app yako ija. Ine ndikuti ayi, kwa ambiri a ife njira imeneyi ndi yotayitsa nthawi, data komanso mphamvu ya makina, pa chinthu chomwe ukhoza kuchita ndi calculator ya Windows yomwe ilimo kale.

Choyamba tione kaye chomwe app imeneyo imachita mkati mwake. Bitrate ndi kuchuluka kwa data yomwe vidiyo imadya pa sekondi iliyonse, timaiwerenga mu kbps kapena Mbps, 1 Mbps ndi 1000 kbps. Kukula kwa fayilo kumachokera pa zinthu ziwiri basi, bitrate ndi kutalika kwa vidiyo. Mbps uchulukitse ndi masekondi, ugawe ndi 8, watuluka ma MB. 8 uja akubwera chifukwa byte imodzi ndi ma bit 8. Ukafuna kubwerera mmbuyo, kuti ndili ndi malo akuti ndiye ndiike bitrate yanji, umatenga ma MB kuchulukitsa ndi 8 kugawa ndi masekondi, kenako kuchotsapo bitrate ya mawu. Ma app onsewa akuchita zomwezi, angowonjezera mabatani okongola ndi zotsatsa malonda.

Tiyeni titenge chitsanzo chomwe tonse timakumana nacho. Mwajambula ukwati wa maola 3, kuyambira ku tchalitchi mpaka ku perekani perekani, ndipo abanja akufuna muwaikire pa flash kuti akaonere pa TV kunyumba. Ma flash ambiri amabwera ali FAT32, ndipo FAT32 siilola fayilo imodzi kupyola 4GB, ichi ndi chifukwa chake ena mumaona kompyuta ikukana kukopera ngakhale flash ili ya 32GB yopanda kanthu. Ndiye tinene kuti mukufuna fayilo ifike 3900MB kuti musiye kampata. Maola 3 ndi masekondi 10800. 3900 kuchulukitsa ndi 8 ndi 31200, kugawa ndi 10800 ndi pafupifupi 2.9 Mbps. Chotsanipo 128 kbps ya mawu, mwatsala ndi 2.7 Mbps ya chithunzi. Nthawi yomwe mwawerenga ndime ino ndiyomwe ikanakutengerani kuwerengetsa. Ndipo mwaonanso nokha kuti pa 2.7 Mbps kukakamira 1080p pa vidiyo ya anthu akuvina ndi kuponya ndalama kuzatulutsa timabokosi pankhope za anthu, bola mutsike ku 720p, kapena mugawe vidiyo mu magawo awiri, kapena mufomate flash ikhale exFAT ngati TV yawo imawerenga.

Tsopano taonani zomwe emulator imafuna. BlueStacks 5 payokha imanena kuti pakufunika RAM yosachepera 4GB ndi malo 5GB pa disk, ndipo kuti iyende bwino mumayenera kulowa mu BIOS kuyatsa virtualization, ija amati VT-x pa Intel kapena AMD-V. Ambiri a ife tikugwiritsa ma laputopu a kaunjika, Core i5 yakale ya RAM 4GB kapena 8GB, yomweyo mwatsegulamo Premiere kapena Filmora kapena CapCut. Muyikenso Android yathunthu pamwamba pake? Fan imayamba kulira, timeline kumangodumpha, batire kutha msanga, ndipo magetsi akazima pakati pa export mumadziwa nokha kuwawa kwake. Zonsezi kuti muone nambala imodzi. Kuli ngati kubwereka lole kuti ikanyamule thumba limodzi la mchere.

Nkhani ya data nayo ndi yaikulu kwa ife. Emulator kutsitsa kwake ndi ma MB mazana angapo, ikalowa imafuna ma update, Play Store nayo imadziupdeta, kenako ma emulator aulerewa amakhala ndi zotsatsa masewera zomwe zimangotsika mwakachetechete. Bandulo yomwe mukanatumizira kasitomala vidiyo yake yathera pamenepo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chitetezo. Mukasaka pa Google dzina la app iliyonse kuwonjezera mawu akuti for PC, mutuluka masamba ambirimbiri olembedwa mofanana, onse akuti app iyi ilipo ya Windows, koma mukalowa mupeza akungokutumizani ku emulator, ena ali ndi mabatani onama a download omwe amatsitsa zinthu zina. Ngakhale emulator yodziwika ikhoza kugwidwa, mu 2021 kampani ya ESET inaulula kuti njira ya ma update ya NoxPlayer inalowereredwa ndi akuba pa intaneti ndipo anthu ena ku Asia analandira ma virus kudzera mmenemo. Kompyuta yomwe mumasungamo mavidiyo a maukwati a anthu, zinthu zoti sizingajambulidwenso, siyoyenera kuyikamo chilichonse chomwe mwachipeza. Ndipo mukulowetsamo akaunti yanu ya Google yomweyo ili ndi channel yanu ya YouTube.

Ena anena kuti koma Windows 11 imatha kuyendetsa ma app a Android yokha. Zinalipo, amati Windows Subsystem for Android, koma Microsoft inasiya kuithandizira pa 5 March 2025. Google Play Games ya pa PC ndi ya masewera, calculator yanu simuipezamo. Ndiye njira zija zimawoneka ngati zovomerezeka zatsekeka, kwatsala ma emulator omwewa.

Nanga tichite chani? Tsegulani Excel kapena Google Sheets, bokosi loyamba ikani ma MB omwe mukufuna, lachiwiri masekondi, lachitatu lembani =A1*8/B1 ndipo mwamaliza, muli ndi calculator yanu yosafuna netiweki ngati ndi Excel, yopanda zotsatsa, yomwe mutha kuwonjezeramo mzere wochotsa mawu ndi wina wosintha maminitsi kukhala masekondi. Mukafuna kudziwa bitrate ya vidiyo yomwe ilipo kale, right click pa fayilo, Properties, Details, muona Data rate ndi Total bitrate pomwepo, kapena ikani MediaInfo yomwe ndi yaulere komanso yopepuka. Ndipo ngati app yapafoni ija mumaikondadi, foni ili pambali panu patebulo, dinani mmenemo muone nambala muilembe pa kompyuta. Ngati mukufuna kuiona pa sikirini yaikulu pali scrcpy, kapulogalamu kaulere kamene kamaonetsa foni pa kompyuta kudzera pa chingwe cha USB, app imayenda pafoni pomwepo osadya RAM yambiri ya laputopu.

Koma pali china chomwe ndikufuna nditsindike chifukwa apa ndi pomwe ambiri akusochera. Calculator imakuuzani kukula kwa fayilo, siikuuzani ngati vidiyo ioneka bwino. Abusa akulalikira ataima pa gome kamera ili pa tripod, 2 Mbps pa 720p ikhoza kuoneka yoyera bwino chifukwa chithunzi sichikusintha kwambiri. Bitrate yomweyo muiike pa gule wamkulu, fumbi likukwera, anthu akuthamanga, kamera ili mmanja, muona chisokonezo. Mpira, mvula, masamba a mitengo akugwedezeka, kujambula usiku mu holo yopanda magetsi okwanira, zonsezi zimadya ma bit ambiri. Codec, njira yofinyira vidiyo, nayo ili ndi gawo, H.265 imatha kupereka chithunzi chofanana pa bitrate yotsika kuposa H.264, koma ma TV akale ndi mafoni ena otchipa saisewera, ndiye kwa kasitomala wa kumudzi ine ndimakhalabe pa H.264 mu MP4. App siingakudziwireni zimenezi, siinaione vidiyo yanu.

Ichi ndi chifukwa chake ndimakonda HandBrake, pulogalamu yofinyira mavidiyo, yaulere ndipo ndi ya kompyuta yeniyeni. Ngati kukula kwa fayilo sikukukakamizani, siyani za bitrate, gwiritsani Constant Quality, nambala yake ya RF pakati pa 20 ndi 23, iyo igawa yokha ma bit ambiri pomwe pali kuvina ndi ochepa pomwe pali kulankhula. Ngati kukula kukukakamizani ngati nkhani ya flash ija, sankhani Avg Bitrate, ikani nambala yomwe mwawerengetsa, yatsani multi-pass kuti iyambe yaiona vidiyo yonse isanagawe. Ndipo musanayendetse maola 3 onse, dulani kachidutswa ka mphindi imodzi pomwe pali phokoso ndi kuyenda kwambiri, muexporte kokha, muone ndi maso anu pa TV kapena pafoni.

Za YouTube musavutike nkomwe kuwerengetsa, eni ake analemba kale, 1080p ya 30fps ndi 8 Mbps, ya 60fps ndi 12 Mbps, 720p ndi 5 Mbps, 480p ndi 2.5 Mbps. Nyimbo ya mphindi 5 pa 8 Mbps ndi 300MB kuphatikiza pang'ono ya mawu, ndiye mudziwiretu bandulo yofunika. Kuika 30 Mbps pa 1080p poganiza kuti ioneka bwino kwambiri ndikuwotcha data, YouTube imaifinyanso ikafika kwawo. WhatsApp ndi Facebook nazonso zimafinya, ndiye ngati mukutumizira kasitomala kuti aone ntchito mmene ilili, tumizani ngati document, WhatsApp imalola mpaka 2GB mwanjira imeneyo ndipo siikhudza fayilo.

Sindikuti emulator ndi yoipa pa chilichonse ayi. Amene amasewera masewera a Android pa kompyuta yamphamvu, kapena amene akupanga app ndipo akufuna kuiyesa, iwowo ali ndi chifukwa. Koma ife amene tili ndi laputopu imodzi yomwe imatidyetsa, tisunge RAM ndi disk kaamba ka ntchito ya makasitomala. Amene mukufuna ka sheet ka Excel kaja kokonzeka kale ndi mzere wa mawu, ndiuzeni ndikutumizirani, ndi ka fayilo kochepa kwambiri sikakuthera bandulo.